Nthochi za Bambo Mbise

Usa River, Arusha
14 Okutobala

Okondedwa achemwali anga Aikaeli,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti mwendo wa alamu wayamba kuponda pansi. Kuno tili bwino, mvula yokha ndi imene ikuzengereza. Koma zoti ndikapepese kwa akulu a mpingo, achemwali, mundikhululukire, sindipita. Amene anakuuzani nkhaniyi anayambira kumchira, ndiye imvani mutu wake.

Mukudziwa kuti maluwa a paguwa ndakhala ndikukonza ine kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Loweruka lililonse ndimatsuka mitsuko yagalasi ija mpaka ilire, kudula mapesi mopendeketsa ali m'madzi, kusadza masamba am'munsi, kenako kasupuni ka shuga ndi dontho la jiki. Lachitatu ndimasintha madzi. Maluwa anga ankafika Lamulungu lachiwiri ali chilili.

Miyezi iwiri yapitayo anafota katatu kotsatizana. Pofika Lachiwiri, mitu zyoli! Mayi Mbise, akazi a mkulu wa mpingo uja, anandiimitsa pakhomo amayi onse akumva.

"Amake Elisante, manja akalamba awa. Kapumeni. Ine ndagula apulasitiki, safuna shuga ngati mwana."

"Ndiye mugulenso abusa apulasitiki, mayi, sadzafuna tiyi," ndinawayankha.

Ndikuvomera, pakamwa panga panathamanga. Koma mtima unandiwawa, moti ndinayamba kudzikayikira ndekha. Lachitatu ndikulowa m'kachipinda ka kuseri kwa guwa, momwe ndimasungira mitsuko ya maluwa mkati mwa sabata, fungo linandiwomba. Kuseri kwa kabati kunali mikoko iwiri ya nthochi zakupsa, chopereka cha Bambo Mbise chodikira kugulitsidwa pabwalo tikaweruka mapemphero. Kufunsa, akuti anayamba kuzisunga mmenemo mwezi womwewo. Achemwali, ine ndinagwira ntchito yolongedza marozi kufamu zaka makumi awiri, ndipo kumeneko ukalowa ndi nthochi imodzi yokha m'chikwama unkabwezedwa pageti. Mpweya wa nthochi yakupsa umakalambitsa duwa.

Ndinazikokera panja. Mbuzi sindinaziitane ine, zinabwera zokha.

Atandiitana kubwalo la akulu, Bambo Mbise ndiwo anayamba kulankhula.

"Mayi inu, mwadyetsa mbuzi chopereka cha Mulungu! Kuyambira liti nthochi kulodza maluwa? Tonsefe tinakulira m'nthochi, tafota?"

"Ena mwafota ndithu, bambo," ndinatero. "Koma tisakangane. Ndipatseni masabata awiri."

Ndinaika mitsuko iwiri ya maluwa, wina m'kachipinda muja pamodzi ndi phava la nthochi, wina mu ofesi ya abusa. Tsiku lachinayi a m'kachipinda anali atayoyoka. A kwa abusa anakwanitsa masiku khumi ndi limodzi, ndipo abusa anaona ndi maso awo. Nanga mukuganiza kuti zinathandiza? Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Akuluwo anati nkhani si maluwanso ayi, koma mwano, ndipo ndisankhe: kupepesa pamaso pa mpingo kapena kubweza kiyi wa kachipinda kaja.

Ndinamasula kiyiyo pampango wanga n'kumuika patebulo. Pamenepo sindinagwetse msozi. Ndinakalirira m'munda, ndipo ndinalira kwambiri, chifukwa kiyi ameneyo anandipatsa ndi malemu amayi athu manja awo atayamba kunjenjemera. Izi ndauza inu nokha.

Tsopano paguwa pali apulasitiki, ayamba kale kuchita fumbi. Ine maluwa ndikudulabe Loweruka lililonse monga kale. Lamulungu ndimanyamula mtsuko wanga, n'kukakhala pabenchi yakutsogolo nditauika pamiyendo. Sabata yoyamba anthu ankatsinana. Mayi Mbise anandinong'oneza kuti, "Simukuchita manyazi?" Ndinati, "Tanunkhizani, mayi, n'zaulere." Lamulungu lapitali amayi atatu anabwera ndi maluwa awo m'mabotolo, n'kukhala pambali panga.

Za mbuzi zija ndinapepesa kale kwa Mulungu, ndipo ndinabweza mikoko iwiri yochokera m'munda mwanga. Koma kuti ndiimirire n'kunena kuti ndinanama, pamene sindiname, ayi.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa ana onse. Elisante mukamuona kumeneko ku Dodoma musamuuze kuti ndinalira, mungomuuza kuti amake ali bwino ndipo kutchalitchi akupita. Pa Khirisimasi mukabwera, mudzatenge mtsuko wobiriwira uja amayi anakusiyirani. Pabenchi ndikusungirani malo.

Ndine mng'ono wanu wosamva uja,
Ndeshi