Mawu amene ndinadulitsa

Lachinayi, mwezi wa Ogasiti. Chisanu chatsika kuphiri, koma ine mtima ukutentha.

Ndinali kupolisi m'tauni pa nkhani ya khola langa la mbuzi limene linatenthedwa. Ndimayesa nkhaniyi yatha. Paja mwana wanga Esnati anajambula pa foni mawu a Jailosi, woyandikana nafe, akukuwa pa mpanda kuti adzatiyatsira moto.

Wapolisi wake mtsikana, msinkhu wa Esnati yemweyo. Akuti, "Agogo, katswiri wamvetsera ndi makina ake. Mawuwa anadulidwa pakati. Anadula ndani?"

"Ndinadulitsa ine. Pamenepo amatukwana malemu akazi anga. Ndikanabwera nazo zotukwana kuti mumve inu, mwana wamkazi?"

"Timamva zoposa pamenepo, agogo. Kukhoti adzati munalumikiza nokha. Bweretsani onse, apo ayi a Jailosi azipita kwawo."

Kulumikiza ine? Sindinapondeko m'kalasi, zilembo izi ndinadziphunzitsa ndekha pa buku la nyimbo, ndiye ndikalumikize mawu a munthu? Makinawo akuona podulidwa pokha, pomwe aliyense kuyambira ku Mulunguzi mpaka ku Songani amawadziwa mawu osasa aja.

Mawu athunthu alipo pa foni ya Esnati, ndipo iye akuti tipereke. Ndiye kuti akazi anga aja, a Nachisale, akatukwanidwenso kachiwiri, khoti lonse likumvetsera. Mbuzi zinapsa kale, iwo asiyidwe agone.

Ndamuuza Esnati kuti sitipereka. Wati ndiye angofufuta, nkutenga foni. Ndamugwira dzanja. Kufufuta ayi. Mwina Lolemba tikapereka, apolisi akalola kuti ine ndiyambe ndatuluka panja asanawamvetsere...