Shuga wa Tizilombo si wa Atate

Wokondedwa mlongo wanga Lenia,

Uli bwanji kumeneko ku yunivesite? Ine ndi alamu ako a Agnesi tili bwino kuno ku Kapata. Ku Chipangali amayi ali bwino, mtedza anamaliza kukumba.

Atate asiya kumwa mankhwala awo a shuga. Ndinapita kumudzi Loweruka, ndinapeza mapiritsi a mwezi watha osatsegula. Aonda, ludzu silikuwatha, ndipo chilonda cha pachala chakuphazi sichikupola.

Gwero lake ndi iwe, ngakhale sunalakwe. Utawauza pafoni kuti kafukufuku wako wa shuga watheka, iwo anamva kuti wapeza mankhwala ochiza matenda a shuga. Kutchalitchi analengeza kale. Akuti sangasakanize mapiritsi a kuchipatala ndi a mwana wawo amene ali m'njira.

Zimene unalemba ndinawerenga, ndipo ndinawafotokozera. Ndinati iwe umafufuza mabakiteriya, osati anthu. Majini, ndiye kuti ma genes a chibadwa, amene amathandiza kachilomboko kulowetsa shuga amandandalikana pamzere umodzi ngati nyumba za mpanda umodzi, ndipo pageti pamakhala puloteni yolondera. Shuga woyenera mzerewo akafika, mlonda amachoka, nyumba zonse n'kuyamba ntchito. Koma shuga wa gulukozi akakhalapo, mizere ya mitundu ina ya shuga imadikira kaye.

Atate anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati ngati mwana wawo akudziwa geti lotsekera shuga, ndiye basi, nkhani yatha. Anawonjezera kuti ine ndine mphunzitsi wa sekondale wong'amba achule, nsanje ndichepetse. Amayi anangotola mawu oti majini, n'kufunsa ngati kumeneko ukupitabe ku Misa.

Ine sandimvera, koma iwe akumvera. Uwaimbire Lamulungu akaweruka kutchalitchi. Majini usawatchule. Usanenenso kuti mwina mankhwala adzapezeka m'tsogolomu, chifukwa kwa iwo limenelo ndi lonjezo. Ungowauza kuti shuga wako ndi chakudya cha tizilombo ta m'mbale zagalasi, ndipo mankhwala ulibe. Achita manyazi pamaso pa akhristu anzawo, koma manyazi sadulitsa mwendo.

Undiperekere moni kwa alamu anga a Mwayi. Mulungu akusunge.

Lolemba m'mawa ndipita kukawatenga kuti akaonedwe chala kuchipatala kuno ku Chipata. Ukawaimbira, avomera kukwera galimoto.

Ndine mlongo wako,
Howard