Uta wa Dzanja Lamanzere

Loweruka, 9 Ogasiti

Ndautsitsa pa msomali m'galaja, uta wanga wakale uja wofuna mphamvu ya mapaundi 70 poukoka. Fumbi lokhalokha. Kangaude wamanga nyumba pa kawilo kam'munsi. Chichitireni opaleshoni ya phewa mu Malichi, nditagwa pa madzi oundana, sindinaugwirepo.

Kuseri kwa nyumba. Kuima bwinobwino, kukoka. Nsinga inangofika pakati basi, kenako moto m'phewa lamanja mpaka m'khutu. Ndinayesanso. Ndinatukwana mokweza moti galu anathawira pansi pa khonde.

Akazi anga Arlene anaona zonse pawindo la kukhitchini. Pa chakudya anangondisunthira botolo la mankhwala pafupi ndi mbale. Bola akanalankhula.

Nyengo yosaka mbawala ndi uta itsegulidwa pa 1 Okutobala. M'firiji mwatsala timapaketi ta soseji ya chaka chatha.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Kusitolo ya Galen m'tauni. Mauta ndandanda khoma lonse, onse atsopano, onse ofanana ngati mafupa a nsomba. Anandipatsa wa mapaundi 60. Zakanika. Wa 50 ndinaukoka, koma nditaloza kudenga ndi kuluma mano ngati ndikuzula chitsa. Galen sanaseke. Munthu waulemu, ndipo ulemu wakewo ndi umene unandiwawa.

Kenako anatulutsa uta wopingasa uja, woika paphewa n'kuwomba ngati mfuti. Ati: "Bambo Kuusisto, ambiri amsinkhu wanu akutenga uwu, palibe manyazi." Amsinkhu wanga! Ndili ndi zaka 61, sindinafe. Mfuti ndili nayo kale kunyumba. Ndikafuna mfuti ndidzadikira Novembala, nyengo yosaka ndi mfuti, ngati wina aliyense.

Ndinamufunsa kuti wakale uja angaugule zingati. Ati madola 80. Timawilo ta uta umenewo sitikupangidwanso. Uta umene wadyetsa banja langa kuyambira ana ali kusukulu, mtengo wa thayala limodzi.

Ndinatuluka osatsanzika. Mawa ndimuimbire, si iye anandigwetsa pa madzi oundana.

Lamulungu, 17 Ogasiti

Achimwene anga a Reino anabwera kudzawotha nthunzi m'sauna, kanyumba kathu ka miyala yotentha, titachoka kutchalitchi, monga mwa masiku onse. Nkhani yafika kale kwa iwo. M'tauni muno munthu ukayetsemula kusitolo, ukafika kunyumba upeza akufunsa za chimfine.

"Ndamva kuti mphwanga wagonja ndi uta wa ana asukulu." Anathira madzi pamiyala, nthunzi kuti phwii, iwo kumangoseka. Zaka 68 koma akukokabe wa 70, ndipo amaonetsetsa kuti aliyense akudziwa.

Zoseka ndinapirira. Chinandilasa ndi ichi: mkamwini wawo Travis akufuna mtengo wanga wa kudambo la mikungudza, pamalo amene bambo anatisiyira. Kansanja kodikirirapo nyama ka mumtengomo ndinamanga ndine, ndi manja awa. Ati: "Ngati sukoka chaka chino, mtengo usangokhala. Mnyamatayo ali ndi mapewa awiri."

Ndinayankha kuti mtengo uli ndi mwini wake. Ndi chiyani chimene ndidzakwere nacho, sindikudziwa.

Lachinayi, 21 Ogasiti

Galen waimba yekha. Ati tabwerani, ndaganiza china.

Kuti ndisinthe dzanja. Ndizikoka ndi lamanzere, lamanja lizingogwira uta. Ndinamufunsa ngati akufunanso ndiyambe kuyenda chadodolido. Koma ndinayesa. Wa mapaundi 50, wa amanzere. Nsinga inafika pa tsaya bwinobwino, osamva kupweteka. Osamva ngakhale pang'ono! Ndinaima choncho nditakoka, maso atayamba kuyabwa. Ndinanamizira fumbi.

Vuto: ya amanzere ilipo iwiri yokha. Wina waufupi, waliwiro, koma umanjenjemera m'manja ngati kamwana ka mphaka, ndipo ukangofooka pang'ono nsinga imafuna kukuthawa. Winawo wautaliko, wofatsa, wokoka mosalala. Ndi umene phewa langa laukonda. Koma nsinga zake zapepo. Zapepo zowala! Anauitanitsa ndi mayi wina amene kenako anasamukira ku Arizona.

Uta watsopano wochita kuitanitsa ufika mwina kumapeto kwa Seputembala. Mwina. Ndiphunzira liti?

Loweruka, 23 Ogasiti

Ulendo wa ku Marquette, kusitolo yaikulu. Mafuta, khofi wozizira, msana. Wogulitsa amawerenga zonse pafoni: liwiro lakuti, chitsulo chakuti, uwu ndi wa chaka chino. Ndinati ndikufuna wa amanzere, wofatsa, wa 50. Anapita kumbuyo, anakakhalitsa, n'kubwera ndi wa kumanja. Ati: "Koma uwu ndi wothamanga kwambiri, bwana." Ndithamangira kuti?

Pobwerera Arlene anati: "Inu a Wendell, mbawala siidziwa mtundu wa nsinga. Akudziwa ndi achimwene anu okha."

Lachitatu, 27 Ogasiti

Ndagula wapepo uja. Madola 900 pamodzi ndi mivi ndi choyang'anira, chifukwa zakale zonse n'zakumanja, sizikwana. Ndalama za denga la galaja zimenezo. Lidonthe chaka china.

Nsinga zakuda nazonso n'zoitanitsa, ndiye ndangozisiya. Ndinaulowetsa m'galimoto nditaukulunga bulangeti ngati wakuba.

Lachiwiri, 2 Seputembala

Ndasanduka mwana. Dzanja lamanzere silidziwa kanthu. Kuika muvi pa nsinga, kawiri ukugwa pansi. Mapazi akufuna kuima kwakale. Diso lamanja likulanda ntchito ya linzake, muvi n'kupita kumene ukufuna. Galen ati ndimate tepi pa galasi lamanja la magalasi anga. Ndamata. Ndikuoneka ngati wopenga.

Lero: muvi wina m'chitseko cha sauna, wina m'maungu a Arlene, wina sindinaupeze. Nsinga yandikwapula mkono, pafufuma ngati biringanya.

Chandamale chili phee, chatsopano ngati cha m'sitolo.

Lachisanu, 5 Seputembala

Sindinaponye. Mvula. Ngakhale kukanakhala dzuwa.

Ndimaganiza za uta wonga mfuti uja. Mlungu umodzi ndikanakhala nditakonzeka. Mwina ndine wouma mutu chabe. Mwina ndataya denga pachabe.

Lamulungu, 14 Seputembala

Achimwene auona uta wapepo uja. Ndinaiwala kuubisa. Anaunyamula ndi zala ziwiri, kuuzunguza, kuitana Arlene kuti: "Alamu, mwaiwala chokolekera zovala zanu panja!" Anaseka mpaka kutsokomola, n'kukhala pa chitsa kwa kanthawi.

Kenako nkhope inasintha. Ati nyama si chandamale, ukailasa pamimba ikafera kutali mozunzika, ndipo pamalo a bambo zimenezo sizichitika. Anakhoma mbale yapepala pa chandamale, kuyeza mayadi 20. "Mivi isanu. Ikalowa yonse m'mbalemo, mtengo ndi wako. Ikapanda kutero, ndi wa Travis."

Itatu mkati, iwiri kunja. Anandipatsa mpaka kutha kwa mwezi.

Chonyansa n'chakuti akunena zoona.

Lamulungu, 28 Seputembala

Sindinalembe, dzanja limakhala litatopa. M'mawa ndisanapite kuntchito, madzulo ndikaweruka, tsiku lililonse. Mbale zapepala zatha m'nyumba, Arlene akundigulira zina osafunsa.

Lero pamaso pa achimwene, yonse mkati. Womaliza unadya m'mphepete. Anauyang'ana nthawi yaitali, kufunafuna ponenera. Ati: "Mayadi 20 okha, wamva? Nyama ikaima patali, uilonjere n'kuisiya." Travis akakhala kumpanda wa kumpoto.

Ndinawauza kuti abweretse wawo tiponye limodzi ngati kale. Ati auiwala kunyumba.

Lachitatu, 1 Okutobala

Tsiku loyamba. Kukwera mtengo ndi phewa ili, nkhani ina. Chisanu pang'ono, mphepo yabwino yochokera kudambo.

Dzuwa litangotuluka, mbawala yamphongo. Nyanga zotambalala kuposa makutu, khosi ngati mgolo. Inaima chopingasa pa mayadi 35, ikudya, osadziwa kanthu. Ndi uta wakale, ndi dzanja lakale, bwenzi pano ili pa mbedza m'galaja. Ndinangoiyang'ana. Inakanda khutu ndi mwendo, n'kulowa m'mikungudza mosapupuluma.

Ndinatsika mumtengo. Sindinauze munthu.

Lachinayi, 9 Okutobala

Agologolo. Mvula. Kanungu mmodzi. Travis wapha kale yake, chithunzi chafika pafoni ya Arlene.

Loweruka, 18 Okutobala

Mbawala yaikazi, yonenepa, yopanda mwana. Inabwera ndi kanjira ka kumunsi, n'kuima pa mayadi 15. Sindikukumbuka ndikuganiza za dzanja. Ndinangopezeka nditakoka, nsinga ili pa tsaya. Muvi unalowa kuseri kwa phewa. Inathamanga pang'ono, ndinaimva ikugwa m'masamba. Sinazunzike.

Ndinagwada pambali pake, dzanja pa nthiti zofunda. Ndinalira, ndipo panalibe fumbi loti ndinamizire.

Kuikoka ndekha sikukanatheka. Ndinaimbira achimwene, anali mumtengo wawo kuseri kwa chitunda. Anabwera, anayang'ana bala, anangogwedeza mutu. Chingwe m'khosi mwa nyama, iwo patsogolo monga mwa nthawi zonse. Sitinapite patali. Anasiya chingwe n'kutsamira mtengo, nkhope yotuwa ngati phulusa, mpweya ukuchita kulira. Ndinafuna kuimbira ambulansi, anandigwira dzanja.

Ati ndi mtima. Akudziwa kuyambira mu Juni, akumwa mankhwala. Uta wawo wa 70 sanaukoke chaka chino, ngakhale kamodzi. Amakwera nawo mumtengo, kuuika pamwendo, kukhala. Yamphongo yanga ija inawadutsa pansi penipeni kawiri. "Usauze Travis, iwe. Angandilande mtengo."

Mawu onse owabwezera ndinali nawo, ndakhala ndikuwanola chiyambire Ogasiti. M'malo mwake tinakhala pa chipika, kugawana khofi wa m'botolo langa. Nyama tinakaitenga ndi kangolo masana, pang'onopang'ono, tikupuma pafupipafupi ngati nkhalamba ziwiri.

Pokwera galimoto anafunsa osandiyang'ana ngati Galen ali ndi wina wofewa chotero, wa kumanja. Ndati kaye kwa dokotala Lolemba, ndiwaperekeza ndine. Akalola, tipita kusitolo. Avomera.

Koma ati tikanene kuti ndi wa Arlene.