Dzanja Lamanzere la Bambo Ligomeka

Ababa, a Frackson Ligomeka, lero zakwana zaka zinayi chitisiyireni muno mu Birmingham, koma mafunso amene munatisiyira sakutha. Akungochulukirachulukira.

Ife tinkangokudziwani ngati woimba kiyibodi ku mpingo wathu wa Amalawi ku Small Heath. Mukaweruka ku shifiti yosamalira okalamba munkafikira pa piyano yakale ija ya pabalaza, jekete lili m'thupi, n'kuyamba kanyimbo kamodzimodzi kaja. Dzanja lamanzere linkayenda pansipansi ngati munthu wosathamangira ulendo, lamanja likusewera pamwamba. Amayi akangokamva ali kukhitchini ankatereka ketulo. Dzina la kanyimboko simunatiuze, ndipo wotulutsa foni kuti ajambule munkamuleketsa, n'kunena kuti nyimbo imasungidwa m'zala. Ndiye lero tilibe ndi kachidutswa komwe.

Tonse tinkati ndi kolasi ya kwanu ku Ntcheu. N'chifukwa chake pa mwambo wokutsanzikani, thupi lisanakwere ndege, amayi a kwaya anaiikira mawu a ulendo wakumwamba n'kuiimba mokoka. Kumbuyo kunakhala mkulu wina wa ku Jamaica, wa chipewa ndi ndodo, amene panalibe anamudziwa. Ankaseka, misozi ili chuchuchu. Titatuluka anati dzina lawo ndi a Everton, ndipo nyimboyo ndi yawo, ya rhythm and blues, yomwe ankavinitsa nayo anthu m'mabala a ku Handsworth ife tisanabadwe. Abale inu! Amayi a kwaya, yunifomu ili mbee, kuimba nyimbo ya m'mabala pamaso pa abusa! Tikudziwa kuti mukanakhalapo mukanaseka mpaka kutsokomola, monga munkachitira.

Ndiye tiuzeni, Ababa. A Everton akuti sitiroko itapha mkono wawo wamanzere, inu ndi amene munkapita kwawo ku Kings Heath kukawasambitsa. Mukamaliza munkakhala nawo pa benchi limodzi, iwo akuimba kumanja, inu kumanzere, anthu awiri piyano imodzi. Akuti mbali yanuyo sanakuphunzitseni, munabwera nayo, ndipo zaka zonse zimene anaimba m'Midlands muno sanamvepo dzanja loyenda choncho. Nanga munalitenga kuti? Kodi ndi ng'oma za kumudzi zimene munkati munkazemba kukamvera muli mnyamata? Ndipo munatibisiranji? Munkaopa akulu a mpingo, kapena munkafuna kanthu kamodzi kanukanu m'dziko la eni lino?

Chimene chatidetsa nkhawa n'chakuti a Everton ayamba kuiwala. Masiku ena sakumbukira ndi dzina la mwana wawo, koma zala zawo zakumanja zikukumbukirabe. Akapita iwo, nyimbo yapita, ndipo tikhala ngati takuikani m'manda kachiwiri. N'chifukwa chake Tamara, chitsirizira chanu uja ankathawa piyano ngati mankhwala owawa, Loweruka lililonse akaweruka ku ntchito yake ya kuchipatala amakwera basi kukakhala pa benchi lija, pamalo panu. Iwo amaimba kumanja, iye n'kumafufuza kumanzere. Akaphonya, mkuluyo amapukusa mutu n'kuyambiranso. Miyezi yatha akungopukusirana mitu. Nathan ankati mlongo wake akungotaya nthawi, koma ndi yemweyo amene anakaitana munthu wodzakonza piyano yanu.

Loweruka lapitali a Everton sanapukuse mutu. Anasiya kuimba, n'kumuyang'ana Tamara, n'kumutchula dzina lanu.  Tamara atafika kunyumba anangokhala pa piyano, jekete lili m'thupi, n'kuyamba ndi lamanzere lokha. Tinamva ketulo ikulira kukhitchini. Kenaka amayi anatulukira ndi thireyi, kapu yanu yabuluu ija ili pomwepo, tiyi wothira kale shuga. Anaima pakhomo nthawi yaitali, ndipo tonse tinalira. Tiyiyo anamwa ndi Tamara.

Mayankho mudzatipatsa tikadzakumana. Pakali pano tasunga m'zala, monga munanenera, ndipo sitidzakuiwalani.

Ndife mkazi wanu Doreen, ana anu Nathan ndi Tamara, ndi mnzanu wa pa benchi, Everton.