Feliya Ankaopa Tulo

Amayi, kodi kumeneko muli bwanji?

Abusa amatiphunzitsa kuti akufa sadziwa kanthu, komabe ine ndikulemberani, poti nkhaniyi ndilibe wina woti ndimuuze. Kuno mvula yayamba bwino, tiyi waphukira moti dengu likumadzaza dzuwa lisanafike pamutu. Nandolo wanu uja wa ku Changata tinakolola, ngakhale mbuzi zinatidyerako. Alamu, akazi a achimwene, anachira mwezi wathawu, mwana wamwamuna wamphumi ngati yanu.

Koma nkhani yeniyeni ndi ya mdzukulu wanu Feliya. Paja chisiyireni kuyamwa ankagona pamphasa panu. Titangokuikani m'manda, mwanayu anakana tulo. Kukangoyamba kuda, ankalira atagwira chitseko, maso ali tong'o. Kamwana ka zaka zitatu kanawonda ngati kakudwala. Kuchipatala cha pa esiteti anamuyeza malungo, sanapezeke. Ine kumunda ndinkasinza chiimirire, mpaka akapitawo anandiuza kuti ndikapitiriza kuthyola masamba okhwima andichotsa ntchito. Madzulo a tsiku limenelo, Amayi, ndinamumenya mwana. Inu munkati mwana wolira ali ngati moto, sauzimitsa ndi nkhuni. Ndinakumbukira mawuwo dzanja litatera kale.

Mawa lake linali Lachisanu. Ndikumusambitsa kuti tilandire Sabata, ndinamufunsa mofatsa chimene amaopa. Anayang'ana m'madzi n'kunena kuti, “Ndikagona mundiika m'bokosi ngati agogo.”

Sopo anandipulumuka m'manja. Paja pamaliro tonsefe tinkamuuza kuti agogo agona. Miyezi isanu ndi umodzi mwana akulimbana ndi tulo kuopa kuti tingamukwirire, ine mayi wake osadziwa.

Ndinamukulunga m'nsalu, n'kumuuza kuti, “Agogo anadwala kwambiri, anamwalira. Kugona n'kwina. Iwe ukagona umadzuka, ndipo ine umandipeza pompano.” Mawu akuti anamwalira ndinali ndisanawatulutsepo pakamwa panga. Tinalira tonse awiri kubafa komweko.

Chiyambire pamenepo ndikuchita zomwe munkachita inu. Ndimamusambitsa madzi ofunda kusanade. Tiyi wamadzulo ndinamuletsa, amamwa phala. Ndimamufunditsa chitenje chanu chobiriwira chija, chomwe mpaka lero sindinachichape, kenako ndimamusisita kumsana pang'onopang'ono uku ndikuimba kanyimbo kanu ka Chilomwe. M'mawa ndisananyamule dengu ndimamudzutsa ndekha, n'kumuuza kuti, “Waona? Wadzuka.” Sizinatheke lero ndi lero ayi. Masabata atatu ankadzidzimukabe n'kumandigwira nkhope kuti aone ngati ndikupuma. Koma dzulo anagona nyimbo ili pakati, mwendo atausanjika pamimba panga. Masaya ayambanso kubwerera.

Chondiwawa n'chakuti nyimboyo ndimaidziwa theka. Pamene munali moyo ndinkaimva tsiku ndi tsiku kuseri kwa katani, osaganiza zokufunsani mawu ake. Ndikafika pomwe ndinaiwala ndimangong'ung'udza, ndiye Feliya amandidzudzula kuti agogo sankatero.

Ntchito ikachepa mvula ikatha, ndidzapita naye ku Kapichi kwa amayi aang'ono, ang'ono anu aja. Ndi okhawo otsala amene anaimbiridwa nyimboyo ndi mayi anu pamodzi ndi inu. Ndidzakhala pansi, andiphunzitse mpaka kumapeto, ndisasiyeko ngakhale liwu limodzi. Ichi ndakulonjezani.

Ndimakusowani, Amayi, ndipo ndimakukondani monga kale.

Ndine mwana wanu,
Enelesi