Foni ya Bambo Yadzuka

Lachinayi, 9 Okutobala

Okondedwa achemwali,

Khalani pansi kaye, ndipo ngati muli ndi kapu m'manja muyiike patebulo. Ndasankha pepala chifukwa pafoni mumandidula mawu, pomwe lero ndili ndi mlandu woti ndiulule komanso nkhani yoti muvine nayo. Kuno tili bwino, kaya inu ndi alamu kumeneko?

Ndiyambe ndi mlanduwo. Titaika maliro a bambo munandisiyira foni yawo kuti ndiisamale ngati dzira, poti mawu awo amene ankadzijambula anatsala m'menemo mokha. Ndinaisamaladi: ndinaikulunga m'sokosi, n'kuiponya m'dilowa, n'kuiwala zaka ziwiri. Amayi atadwala sitiroko n'kusiya kuyankhula, inu munati ndiziwamvetsera mawu a bambowo, mwina lilime lingamasuke. Nditaitulutsa ndinapeza batire latupa mpaka kukankha chivundikiro. Ndinaitchaja tsiku lonse, koma zii. Ndiye miyezi isanu yonseyi mukafunsa ndakhala ndikuyankha kuti, "Eya, akumvera tsiku lililonse." Linali bodza, achemwali. Ndinkachita manyazi, komanso pakamwa panu mukupadziwa nokha.

Amene ankandiswa mtima ndi amayi. Mawu amene anawatsalira ndi akuti "basi" okha. Masana alionse ankaloza pashelefu pamene bambo ankatchajira foni n'kumandiyang'ana, ine n'kumajijirika dala ndi mbale zotsuka kale. Loweruka ndinatopa nako kuthawa maso awo, ndinanyamula foni ija ulendo kwa okonza.

Woyamba anaigwedeza pakhutu n'kunena kuti, "Mlongo, iyi ndi ya kumanda, gulani ina." Wachiwiri sanaigwire n'komwe. Wachitatu anali mayi wina amene onse amangomutchula kuti Dokotala. Kamalo kake kali pansi pa masitepe, pakati pa wodula makiyi ndi wa fotokope, moti kasitomala amaima panja. Ataitsegula anainunkhiza.

"Mumaisunga kuti?"

"M'sokosi."

"Yochapa?"

Ndisanayankhe anapendeketsa foni ija papepala loyera, ndipo munatuluka timautuchi. "Mwini wake anali kalipentala," anatero. Achemwali, ndinalira pamenepo, wodula makiyi mpaka anazimitsa makina ake. Ndinamufotokozera Dokotala zonse, za amayi ndi za bodza langa lomwe. Iye anangoti, "Sindikulonjeza. Isiyeni."

Anakhala nayo masiku atatu. Ndinkapita madzulo alionse pochokera kuntchito, n'kumupeza atawerama pagalasi lake lokulitsa zinthu, akutsuka m'kati ndi sipiriti ndi mswachi, kenako akuwotcherera kachitsulo kochepa ngati mchenga. Lachiwiri anandiimbira: "Thamangani, wodwala wanu watsegula maso!"

Ndinafika wefuwefu. Foni inali itayakadi, koma pagalasi panali timadontho tija tisanu ndi tinayi tofuna kuti ujambule njira yake ndi chala. Ndinayesa kanayi, konse kulakwa. Dokotala anandilanda.

"Mukapitiriza idzitsekeratu. Loko ndikhoza kuchotsa, koma amapita ndi zonse zili m'katimo. Ankaitsegula ndani?"

"Bambo, nanga ndaninso?"

"Ndi zala za kalipentala? Makasitomala anga a matabwa galasi silimva zala zawo. Ganizani bwino."

Apo m'pamene zinanditulukira. Zala za bambo zija, zokhakhala, zomatika guluu! Simukukumbukira m'mawa uliwonse akukuwa kuti, "Amake ana, tanditsegulirani kachinthu aka"? Munthu yekhayo wodziwa njira ija anali amayi, amene sayankhula, dzanja lamanja lili lende.

Dokotala sanachedwe. Anamata batire lobwereka ndi tepi, anatenga laputopu yake, anatseka kamalo kake dzuwa lili pamutu, tinapita kunyumba. Tinaika foni pamiyendo pa amayi. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandiyang'ana ine, ndipo ndinadziwa kuti bodza langa analidziwa kalekale. Anayesa ndi dzanja lamanzere, inakana. Kenako anachita chimene sindidzaiwala: ndi dzanja lamanzere ananyamula lamanja lija, anagwira chala chake cholozera, n'kuchikoka pagalasi pang'onopang'ono, kutsika, kupingasa, kukweranso.

Inatseguka! Ndinakuwa mpaka aneba anatuluka ndi mapoto m'manja. Dokotala yekha ndiye sanatekeseke. "Kulira pambuyo, tikope kaye," anatero akulumikiza chingwe. Palibe anapuma bwino mpaka zonse zitalowa mulaputopu.

Tsono musaganize kuti bambo anatisiyira mawu anzeru. Ayi ndithu! Muli timawu topitirira mazana awiri, ndipo pafupifupi tonse ndi miyeso: chitseko cha aphunzitsi mainchesi akuti, mwendo wa tebulo la atelala wafupika. Koma ndi mawu awo, achemwali, ndi katsokomole kawo kaja. Amayi anatseka maso n'kumamvera. Titafika pa kena, tinamva bambo akusiya miyeso pakati n'kufuula, "Amake ana, pensulo yanga mwaiikanso kuti?"

Ndipo pampando paja, pambali panga, amayi anayankha. Mawu anali olemera, okokeka, koma omveka bwinobwino:

"Ili pakhutu panupo."

Asanatseke pakamwa, amayi a m'foni, a zaka zinayi zapitazo, anayankha mawu omwewo ali kukhitchini. Dokotala uja woti kulira pambuyo ndiye anayamba kulira, magalasi atavula. Ine ndinavina pabalaza mpaka ndinagunda tebulo, kapu yanu ya maluwa ija inasweka. Umenewo ndi mlandu wachiwiri, muuphatikize ndi woyamba.

Anamwino amene amabwera kudzawongola amayi akuti tisathamange, mawu abwera pang'onopang'ono, mwina osati onse. Ndamva. Koma dzulo anandiuza kuti tiyi wazizira, ndipo sindinasangalalepo chonchi podzudzulidwa. Mawu a bambo tsopano ali malo atatu, ndipo fulashi imene ndakukoperani mawuwo ndaiika mu envelopu yomweyi. Musaisunge m'sokosi.

Ndikhululukireni, achemwali. Mukafuna kundikalipira imbani, ndimvera mpaka mumalize. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Miyezi yonseyi ndinkakuuzani kuti amayi akupereka moni, koma ndinkangowayankhulira. Lero ndawafunsa kuti ndikulembereni chiyani. Analimbana nawo mawuwo kanthawi, ine ndikudikira ndi cholembera m'manja, ndiye ndikulemba monga momwe atulukira pakamwa pawo: "Muuze abwere."

Ndine mng'ono wanu wabodza uja,
amene lero wanena zoona zokhazokha.