Katupe pa Dziwe la Mkuyu

Lolemba, 28 Okutobala 1968

Ndayamba ntchito. Ulonda wa nsomba. Ine Bizweki, amene ndakhala ndikuzipha pa Kachulu kuyambira ndili mnyamata, lero boma landipatsa chipewa kuti ndiziziteteza. Chikanakhala chaka china ndikanaseka.

Nyanja kulibe. Chilwa yaphwa yonse, anthu akuyenda pansi kuchoka pa Kachulu mpaka ku chilumba cha Chisi, ena pa njinga. Mabwato ali chafufumimba pa dothi long'aluka. Nsomba zimene zinapulumuka zinakwera mu mtsinje wa Likangala, zabisala m'maiwe ochepa amene atsala. Langa ndi la pa Mkuyu, kumunsi kwa mudzi wa kwa mkazi wanga.

Anandilemba ndi Bambo Fanuelo a zansomba ochokera ku boma, poti ndimatha kuwerenga chikwangwani chimene akhoma pamtengo. Akuti nsomba izi ndi mbewu. Mvula ikabwera zidzatsika kukadzazanso nyanja, ndipo zina adzabwera ndi migolo kudzatenga kuti akaswetse m'madamu ku Domasi. Lamulo lake: khoka ayi, mono ayi, mbedza ayi, makamaka katupe, mankhwala oledzeretsa nsomba aja. Wopezeka, ndende. A tcheyamani a chipani analiwerenga pamsonkhano, ife tinaomba m'manja monga mwa masiku onse.

Ndalama zake akuti boma linachita kupempha ndipo n'zochepa, zangokwana alonda a maiwe owerengeka. Maiwe enawo awasiyira Mulungu ndi akakowa.

Lachiwiri, 29 Okutobala

Kutentha. Ndakhala pansi pa mkuyu tsiku lonse. Palibe wabwera.

Lachitatu, 30 Okutobala

Madzi a m'dziwemu sakuyenda, kumtunda mchenga, kumunsi mchenga. M'mawa makumba amabwera pamwamba, pakamwa yasa yasa. Matemba m'mbali mwa bango. Milamba ili pansi m'matope, sioneka. Ndimangoziyang'ana osaganiza kanthu. Ntchito iyi yandiyenera.

Asha anamwalira mwezi watha. Ndalemba, ndayang'ana mawuwo, ali ngati walemba munthu wina. Mwana wanga mmodzi yekhayo, wa zaka zinayi. Kutsegula m'mimba, madzi a m'zitsime zokumba mumchenga zomwezi. Ine sindinalire. Anthu ankati bambo uyu ndi wolimba mtima. Kulimba mtima kwanji, misozi sinabwere basi, mpaka lero.

Zuhura, mkazi wanga, sayankhula. Amandiikira chakudya, amachotsa mbale. Ndikalowa m'nyumba amatuluka, osati mwaukali, amangotuluka.

Lachinayi, 31 Okutobala

Kwabwera Che Bakali, atsibweni ake a Zuhura, eni mbumba. Anakhala pamuzu wa mkuyu n'kuyamba kufunsa za moyo wanga ngati sitinaonane m'mawa womwewu. Ndinadziwa kuti pali nkhani.

"Che Bizweki, sadaka ya mwana ndi Lachisanu la sabata yamawa. Ufa mbumba yasonkha. Chatsala ndiwo."

Ndinati mbuzi. Anandiyang'ana. Mbuzi zonse zinapita kalekale ku Songani kukasintha ndi chimanga, ndimadziwa ndithu.

"Katupe pang'ono, pakona apo pokha," anatero. "Ziledzere zochepa, titole dengu limodzi, zinazo zitsitsimuka. Ine ndathira katupe mu Likangala muno inu musanabadwe. Muyeso wake ndimaudziwa ngati mchere wa m'ndiwo."

Ndinawalozera chikwangwani.

"Zolembazo werengani ndinu. Ine chimene ndikudziwa, Chilwa inaphwapo kale ndili mnyamata, nsomba zinabweranso popanda mlonda wa chipewa." Ataimirira anawonjezera kuti, "Mwanayo ndi wathu, inde, koma magazi ndi anu. Anthu abwere kudzamupempherera, abwerere ndi njala? Adzati Asha analibe bambo."

Pano ndine mkamwini. Kwathu ndi kwa Kuntumanji, ndife a kutchalitchi, iwo ndi Asilamu, ndipo pamaliro a mwana wanga yemwe ndinachita kuuzidwa pokhala. Aka n'koyamba kundipempha kanthu kokhudza Asha.

Loweruka, 2 Novembala

Bambo Fanuelo adutsa pa njinga, thukuta kamukamu. Anagwada m'mbali mwa dziwe n'kumayang'ana makumba ngati akuona abale awo. Akuti dziwe lakumtunda lauma, lina anthu analikokolola ndi makoka mlonda asanapezeke. Mbali yathu ino makumba atsala pa Mkuyu pokha. Galimoto ya migolo ibwera Lachitatu pa 13.

Anamva za maliro. "Pepani kwambiri, achimwene. Ndikanadziwa sindikanakuvutitsani ndi ntchito." Ndinati palibe kanthu. Munthu wabwino, amakhulupirira zimene akuchita, ndipo zimenezo zimanditopetsa.

Za Che Bakali sindinawauze.

Lamulungu, 3 Novembala

Kutchalitchi sindinapite. Kudziwe.

Lachiwiri, 5 Novembala

Ndikubwerera masana ndinamva mtondo kuseri kwa nyumba ya apongozi. Si mtondo wa chimanga, ndi wakale wong'aluka uja, sasinjiramo chakudya. Fungo la katupe munthu wa kunyanja salisowa. Osinja anali atatu, wapakati Zuhura.

Atabwera ndi madzi osamba ndinaona manja ake, ofiira, zala zotupa. Anaona kuti ndaona.

"Inu musachite kanthu," anatero. "Mungochokapo basi."

Ndinati ndi ndende imeneyo, ya ine, ya atsibweni ake, ya iye yemwe. Ndinati nsombazo zikatha, nyanja ikadzabwera tidzapha chiyani? Mawu ndinali nawo ambiri, onse a Bambo Fanuelo. Iye anadikira ndimalize.

"Tsiku lomaliza lija Asha ankalirira kansomba. Ndinamuuza kuti kulibe."

Anatenga chidebe n'kutuluka. Chimwalirire mwana sanandiuzepo mawu ochuluka chotere.

Lachitatu, 6 Novembala

Ndayesa kuganiza. Mutu sukugwira. Makumba yasa yasa monga dzulo.

Lachinayi, 7 Novembala

Sindinavomere, sindinakane. Nditaona a Che Bakali ndi mbumba yawo akutsetsereka ndi madengu dzuwa litangotuluka, ndinapachika chipewa pamkuyu n'kukakhala kuseri kwa chulu. Mlonda wa boma, kuseri kwa chulu ngati munthu wotsegula m'mimba.

Poyamba ndinkamva kuseka, amayi akuitanizana, madzi khuvu khuvu. Kenako kunangoti zii. Kenako mawu a Che Bakali: "Che Bizweki! Che Bizweki, tabwerani!"

Dziwe lonse mbee, mimba za nsomba. Osati pakona pokha, lonse, mpaka kubango. Milamba imene sindinaionepo inatuluka m'matope ikuzungulira ngati yapenga. Che Bakali anaima m'madzi ofika m'mawondo, thumba la katupe lili m'manja, akungobwereza kuti muyeso wake ndi womwewu, womwewu, sanapyoze. Ndipo sanapyozedi. Koma zaka zonsezi ankathira mumtsinje woyenda, madzi atsopano amabwera n'kutsuka, nsomba n'kutsitsimuka. Chaka chino otsuka palibe. Tonse timadziwa kuti madzi sakuyenda, ine ndinachita kulemba m'buku muno, koma palibe anaziganizira.

Mbiri inathamanga. Posakhalitsa kunadzaza anthu a midzi ina ndi madengu, mabeseni, ena malaya omwe. Sindinaletse aliyense. Kuletsa chiyani, nsomba zakufa?

Zuhura sindinamuone akuchoka. Ndinangomuona akubwera chothamanga, mtsuko wathu wa madzi akumwa uli pamutu, madzi amene anafolera kuchitsime m'mawa wonse wa dzulo. Anautula kumapeto a dziwe kumene katupe anafika mochedwa, anavula chitenje chapamwamba n'kulowa m'madzi.

"Gwirani uko! Mukuyang'ana chiyani? Gwirani!"

Ndinagwira. Tinakokolola ndi chitenje m'mbali mwa bango, tiana ta makumba tokhala ngati chala, tina tikuphiriphitha, tina tatha kale. Tamoyo ankatiponya mumtsuko. Tina tinagona cham'mbali pansi, kenako tinadzuka.

Lachisanu, 8 Novembala

Sadaka. Anthu anabwera ngati kumsika. A Shehe anapemphera nthawi yaitali, dzina la Asha linatchulidwa, anthu anayankha. Ndiwo zinali mbwee, zophika, zootcha, ana mimba tantha. Sindinaonepo anthu akudya chotere chaka chino. A tcheyamani anadya bwino, anakulunganso zina m'masamba zoti akalawe amayi kunyumba.

Amayi ena okalamba anandigwira dzanja, akuti mwana wanu mwamuperekeza mwaulemu, bambo. Ndinati zikomo.

Che Bakali sanadye. Ine ndinadya, sindinamve kukoma kapena kuipa.

Loweruka, 9 Novembala

Dziwe likununkha. Ntchentche, akakowa, akhwangwala. M'mbali monse muli tinsomba ting'onoting'ono timene anthu sanatole, tambirimbiri, tayera ngati mankhusu a mpunga. Ndakumba dzenje ndakwirira zimene ndinatha. Ndinavalabe chipewa. Ndikulondera madzi.

Lolemba, 11 Novembala

Mudzi wagwirizana: Bambo Fanuelo akafunsa, nsomba zafa ndi dzuwa. A tcheyamani ndiwo anabweretsa nzeruyi, akuti zikamveka ku boma kuti nthambi yawo yaphwanya lamulo, woyamba kufunsidwa ndi iwo. Ana omwe auzidwa choyankha.

Vuto ndi mtsuko. Che Bakali anabwera kunyumba, nkhope yagwa, akalamba sabata imodzi yokha. Anauza Zuhura kuti tinsombato aphike kapena ataye. Akuti waboma akationa adzafunsa kuti munadziwa bwanji zoti mutipulumutse, ngati linali dzuwa? Zoona zake. Zuhura anagwada mwaulemu, anati ndamva atsibweni. Iwo atachoka anakatenga gaga.

Tinsombato amatisinthira madzi m'mawa ndi madzulo, ndiye kuti kufola kuchitsime kawiri, dzuwa ili. Amawaza gaga ndi nsonga za zala. Dzuwa likasuntha amasunthanso mtsuko, amavundikira ndi lichero. Kakafa kamodzi amakachotsa. Lero m'mawa ndinamumva akuyankhula kukhonde, ndinaganiza kuti kwabwera mlendo. Panalibe munthu.

Tatsala tochepa, tokwana m'manja muwiri.

Lachiwiri, 12 Novembala

Mitambo kumapiri a Zomba. Mvula sinagwe.

Lachitatu, 13 Novembala

Galimoto inabwera ndi migolo yodzaza madzi abwino. Bambo Fanuelo anatsika akumwetulira, fungo linawalandira asanafike kudziwe. Anazungulira dziwe lonse mwakachetechete. Pabango anawerama n'kutola makungwa osinja a katupe, anawanunkhiza, anawaika m'thumba la malaya.

Anthu anasonkhana pamkuyu. A tcheyamani anati dzuwa, bwana, dzuwa la chaka chino simukuliona? Onse anati dzuwa. Che Bakali anayang'ana pansi. Bambo Fanuelo anatembenukira kwa ine.

"Achimwene, inu munali kuti?"

Ndinati ndinali kuseri kwa chulu. Dzina la munthu sindinatchule, iwo sanafunsenso. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anati ntchito yatha, ndikaonekere ku boma Lolemba, zotsatira zake sizili m'manja mwawo. Ndinati chabwino. Ndinayembekeza kuti ndichita mantha, mantha sanabwere. Iwo anakhala pa sitepe ya galimoto, mutu m'manja, dalaivala akufunsa ngati ataye madzi a m'migolo.

Apo anthu anayamba kupatuka. Zuhura, mtsuko pamutu, akuyenda pang'onopang'ono kuti madzi asagavike. A tcheyamani anatsokomola. Che Bakali anati, "Zuhura," motsitsa, kamodzi kokha. Iye anapitirira, anagwada, anatula mtsuko pamapazi a Bambo Fanuelo n'kuchotsa lichero.

"Zatsala izi, bambo."

Bambo Fanuelo anasuzumira. Anakhala chosuzumira nthawi yaitali. Funso lija aliyense ankaliopa sanafunse. Anangoti dalaivala atsegule mgolo umodzi.

Zuhura anakana kuti dalaivala akhuthule. Anakwera yekha, ankatapa kamodzikamodzi ndi manja n'kumatsitsa m'madzi mofatsa. Anamasula mfundo ya chitenje n'kupereka gaga. "Zimadya m'mawa ndi madzulo, pang'ono pokha, mukachulutsa madzi amaipa. Aka kakang'ono kamachedwa kudya, muzikadikira. Musazisiye padzuwa." Bambo Fanuelo ankangoti inde mayi, inde mayi.

Galimoto inanyamuka, anthu anabalalika msanga, aliyense njira yake. Zuhura anaima pamsewu, nkhata ikadali pamutu, mtsuko wopanda kanthu m'manja, mpaka fumbi linatha. Ndinaima naye.

Kenako anandifunsa ngati kumadamu a ku Domasiko kuli mthunzi. Ndinati sindikudziwa. Anati ndikapita ku boma Lolemba ndikafunse, ndipo ndikafunsenso ngati zafika bwino.

Ndinafuna kunena kuti chabwino. M'malo mwake ndinakhala pansi pamsewu pomwepo, ndipo misozi inabwera yonse, ndinalira mokweza, ngati mwana. Zuhura anaika mtsuko pansi n'kukhala pambali panga.